Kodi mumadziwa? Nyimbo za kuseri kwa chimbale

Pitani pa msika wa Kwachena muno mu Tete, mupeza mnyamata ali pa kompyuta, akuthira nyimbo mazanamazana m'kamemori kadi kochepa ngati chikhadabo. Mufunseni kuti, "Achimwene, nanga mbali B ili kuti?" muone mmene akuyang'anireni. Kodi mumadziwa kuti agogo ake ankavula ndalama kugula chimbale chathunthu cha nyimbo 2 zokha?

Kachimbale kameneko kanabwera ndi kampani ya RCA Victor mu 1949. Kumaso, mbali A, ankaikako nyimbo yoti ikagunde pa wailesi. Kuseri, mbali B, ankaponyako yotsala kuti malo asapite pachabe. Dzina lake loti "45" linachokera pa liwiro: kankazungulira ka 45 pa mphindi imodzi.

Koma abale, zotsalazo nthawi zina zinkasiya zosankhidwa m'fumbi! "Rock Around the Clock" ya Bill Haley inatuluka mu 1954 itabisala kuseri kwa nyimbo ina yomwe lero ndi ochepa amaikumbukira. Itamveka mufilimu chaka chotsatira, inakhala pa nambala 1 ku America kwa masabata 8.

Nanga "I Will Survive" ya Gloria Gaynor? Nayo inali ya kuseri mu 1978, mpaka ma DJ atatembenuza chimbale n'kuona anthu akudzaza bwalo. Inapata mphoto ya Grammy ya nyimbo za disco, mphoto yomwe inaperekedwa chaka chimodzi chokha, 1980.

Anyamata a magitala a ku Manchester ndiye anali akatswiri obisa chuma. Gulu la The Smiths, lomwe linkatulutsa nyimbo pa kampani yaing'ono yoima payokha ya Rough Trade, linaika "How Soon Is Now?" kuseri mu 1984. Ya kumaso inali ya mphindi 2, ya kuseriyo pafupifupi mphindi 7! Anzawo a Oasis anasonkhanitsa za kuseri 14 mu 1998, chimbale cha zotsala zokhazokha n'kukwera mpaka nambala 2 ku Britain.

Ku Congo ndi ku Kenya kuseri kunali ndi ntchito ina. Rumba inkatalika moti sinkakwana mbali imodzi, ndiye ankaidula pakati: gawo 1 kumaso, gawo 2 kuseri. Kumene magitala amathamanga ndi kumene chiuno chimaduka kunkapezeka ku mbali B, moti ovina ankaima thukuta lili kamukamu, kudikira munthu mmodzi atembenuze chimbale.

Okonda reggae a ku Chileka, kodi iyi mumaidziwa? Ku Jamaica ankaika kuseri nyimbo yomweyo atachotsa mawu, kuti wina aziyimbirapo zake pa dansi. Amisiri ngati King Tubby anayamba kuseweretsa zotsalazo, kukweza besi ndi ng'oma, mpaka panabadwa mtundu wonse wa nyimbo wotchedwa dub, wochokera kuseri kwa chimbale basi.

Tsono tiyeni tiwoloke malire tilowe ku Zambia, kumene kuli nkhani imene imandikoma kwambiri. M'zaka za m'ma 1970 kunali gulu la rock lotchedwa WITCH, lotsogozedwa ndi Emmanuel Chanda, yemwe anthu anamutcha "Jagari" chifukwa chovina ngati Mick Jagger. Mtengo wa kopa utagwa, ndalama zogulira zimbale zinasowa, magulu anabalalika, ndipo woyimba amene ankadzaza maholo anakathera m'maenje kukumba miyala ya mtengo wapatali.

Ndiye mu 2012 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inasonkhanitsa ntchito za gululo za pakati pa 1972 ndi 1977 m'bokosi limodzi. Sanasiye kanthu: zimbale zikuluzikulu 5, kuphatikizapo nyimbo za pa tizimbale ta 45 tomwe tinali titasowa ngati mano a nkhuku. Jagari anabwerera pa siteji, anayimba ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango, patatha zaka 39!

Imvaninso iyi. Paul Ngozi wa gulu la Ngozi Family anamwalira mu 1989, koma mu 2024 Tyler, the Creator anatapa nyimbo yake ya m'chimbale cha 45,000 Volts cha 1977 n'kuiika mu "Noid". Chinyanja chathu chomwechi chinamveka m'chimbale chomwe chinafika pa nambala 1 ku America, patapita zaka 47.

Nanga zathu za kuno zili kuti? Hugh Tracey anayenda ndi makina ake m'midzi ya ku Nyasaland mu 1950 ndi 1958, akujambula amayi pamtondo ndi akulu a bangwe. Matepi ake akusungidwa ku International Library of African Music, yomwe anaiyambitsa mu 1954 ndipo pano ili ku Rhodes University ku South Africa. Mndandanda wake umodzi wokha, Sound of Africa, uli ndi zimbale zoposa 200.

Mwana wake Andrew Tracey ndiye anafika kuno ku Tete kudzaphunzira gule wa nyanga wa Anyungwe, n'kulemba za guleyu mu 1971. Woonera koyamba amagwira pakamwa: aliyense amauzira timabango take tochepa, amayimba ndi mawu m'mipata, uku mapazi akuponda, maseche akulira m'miyendo. Munthu mmodzi, ntchito 3 nthawi imodzi!

Kodi m'sutikesi ya agogo anu muli chiyani? Ngati muli kaseti ya C60 yolembedwa ndi bolopeni, yojambulidwa paukwati kapena pa wailesi, muli nyimbo za mphindi 30 mbali iliyonse. Ngati muli chimbale, chonde chisungeni choimirira, pamthunzi: dzuwa la Tete la mwezi wa Okutobala, lija lopitirira madigiri 40, limachipinda ngati lichero.