Msoti Kapena Tambala? Mau kwa Achikumbe a ku Dowa ndi Ntchisi

Mlendo ndi mame, ndipo akafika pakhomo sitichedwa kutuma mwana kuti athamangitse nkhuku. Mwanayo agwira imene yayamba kutopa, mpeni upita pakhosi, ndipo mayi azindikira potumbula kuti yaphedwayo inali msoti umene ukadayamba kuikira mwezi wamawa. Tiana tatambala tisanu tatsala pabwalo, tilikudya madeya ndi kumenyana. Taona zimenezi m'midzi yambiri kuchokera ku Mvera kufikira ku Malomo, ndipo tifuna kuti mlimi aliyense adziwe kusiyanitsa nkhuku zake zikali zazing'ono.

Msoti ndiwo mbeu ya khola. Thazi lachikuda limaikira katatu kapena kanai pa chaka, mazira oposa khumi ulendo uliwonse, ndipo likafungatira masiku 21 limaswa anapiye. Mwa anapiyewo, pafupifupi theka amakhala atambala, pamene tambala mmodzi akwanira matazi khumi. Otsalawo amangotha gaga amene akadalera misoti. Monga momwe mlimi wa fodya sasiya mphukira kuti zidye chakudya cha masamba, woweta nkhuku asasiye atambala ochuluka m'khola.

Tiyambe ndi kutaya chikhulupiriro chakuti dzira lalitali limatulutsa tambala ndipo lobulungira limatulutsa msoti. Maonekedwe a dzira amatsata thazi limene laikira, sanena kanthu za mwanapiye ali m'katimo. Ngakhale mwanapiye wa tsiku limodzi sadziwika ndi maso wamba. Akatswiri a ku Japan anapeza njira yoyang'ana kotulukira chitosi, imene inafalikira m'maiko ena m'zaka za m'ma 1930, koma imafuna maphunziro a nthawi yaitali, ndipo dzanja losazolowera limapha mwanapiye. Musayese zimenezi pamudzi. Dikirani, nkhuku idzadziulula yokha.

Pa masabata asanu ndi limodzi, yang'anani pamutu. Lipombo la katambala limayamba kukula ndi kufiira, ndipo tizikopa tiwiri tolendewera kunsi kwa mlomo timaonekera. Lipombo la msoti limakhala laling'ono ndi lotumbuluka, silifiira kufikira nthawi yoikira itayandikira. Yang'ananinso miyendo: ya katambala ndi yaitali ndi yonenepa, ya msoti ndi yaing'ono. Katambala kamayenda kataimika khosi, ndipo kawirikawiri mudzaona tiwiri titayang'anana, nthenga za m'khosi zitaima. Koma linganizani anapiye a thazi limodzi okhaokha, obadwa tsiku limodzi. Wamkulu ndi masabata awiri angathe kukunyengani.

Chizindikiro chosanama chimadza pa miyezi itatu kapena inai. Gwirani nkhukuyo madzulo italowa m'khola, kapena m'mamawa musanatsegule, muiike pakuwala, ndipo patulani nthenga za pamsana pafupi ndi mchira. Za tambala zimakhala zazitali, zoonda, zosongoka ndi zonyezimira, ndipo zikamakula zimagwera m'mbali. Za msoti ndi zazifupi, zobulungira kunsonga. Nthenga za m'khosi zilinso chimodzimodzi. Pambuyo pake mchira wa tambala umatulutsa nthenga zopindika ngati chikwakwa. Kulira ndiko kumadza pomalizira, pa miyezi inai kapena isanu, ndipo katambala koopa mkulu wake kangathe kukhala chete nthawi yaitali. Mlimi wodikira kulira amakhala atataya kale madeya a miyezi iwiri.

Mitundu ina imasokoneza. Ya kameta ilibe nthenga m'khosi, tsono yang'anani pamsana ndi palipombo. Ya kansilanga ili ndi nthenga zotembenuka, ndipo pamenepo dalirani lipombo, miyendo ndi kulemera. Chenjeraninso ndi nkhuku zakuda za mikolongwe, zimene dzina lao lenileni ndi Black Australorp. Mtundu umenewu unachokera ku Australia, ndipo kuno unatenga dzina la famu ya Boma ya Mikolongwe, ku Chigawo cha Kumwera, kumene anayamba kuuchulukitsa kuti ukwatane ndi zachikuda. Msoti wa mikolongwe ndi wamkulu thupi, kotero kuti ukaimirira pakati pa zachikuda ambiri amauyesa tambala. Uyerekezeni ndi anzake a mtundu wake. Kunyezimira kobiriwira kwa nthenga zake sikusonyeza kanthu, pakuti kuli pa tambala ndi pa thazi pomwe.

Mukadziwa, chitanipo kanthu. Mangirirani kansalu kofewa kumwendo kwa katambala kalikonse, mosathina, kuti ngakhale mwana wotumidwa adziwe yogwira mlendo akabwera. Sankhanipo kamodzi kakukula msanga, ka chifuwa chachikulu ndi miyendo yowongoka. Kameneka musinthane ndi mnzanu wa mudzi wina, chifukwa tambala akamakwera alongo ake ndi amake, anapiye amabadwa ofooka ndipo mazira ambiri amasukusa.

Kumbukiraninso nyengo. Anapiye oswedwa mu May kapena June, chimanga chitalowa m'nkhokwe, amakwana miyezi itatu mu August kapena September. Imeneyo ndiyo nthawi imene kutentha kumayamba, ndipo chitopa chimakonda kusesa makola m'mapiri mwathu muno. Gulitsani atambala otsala ku Mponela, ku Madisi kapena pa msika wa pa Boma la Ntchisi matendawo asanamveke, ndipo ndalama yake igule mbeu kapena ithandize pa nazale ya fodya. Amene afuna kusunga awiri kapena atatu kuti adzadye pa Khirisimasi, ayambe wafunsa mlangizi wa ziweto za katemera wa chitopa wodonthezera m'diso, amene amabwerezedwa miyezi inai iliyonse. Misoti yonse ilandire katemerayo. Ndiponso musabweretse nkhuku yogula pa msika ndi kuisakaniza ndi zanu tsiku lomwelo. Ikhale payokha masabata awiri.

Misoti imene mwasunga idzayamba kuikira cha mu November kapena December. Pofika February, nkhokwe ikatsika ndipo fodya akali m'munda, mazira ake ndiwo adzagula mchere ndi sopo, nadzakhala ndiwo za ana. Tsono madzulo ano tengani nyali, mulowe m'khola, muwerenge misoti yanu.