Madzi, mafuta kapena ethanol: chonyikira masamba a mankhwala chili ndi gawo lalikulu

Magulu amene amalima chammwamba ndi chidede m'boma lathu lino amasamala kwambiri za mbewu, kuthirira ndi kuumitsa masamba pamthunzi. Chimene sichikambidwa kawirikawiri ndi chinthu chonyikira masambawo, chikhalirecho ndicho chimasankha michere imene ituluke ndi imene itsalire m'zinyalala.

M'zomera zambiri muli michere imene asayansi amaitcha ma antioxidant, yomwe imathandiza kuteteza maselo a m'thupi kuti asawonongeke msanga. Michereyi si ya mtundu umodzi. Ina imasungunuka m'madzi, monga vitamini C wa m'malambe ndi utoto wofiira wa chidede. Ina imakana madzi ngati mmene mafuta ophikira amayandamira pamwamba pa msuzi. Beta-carotene wa m'masamba a chammwamba ali m'gulu limeneli. Munthu akhoza kuwiritsa masambawo tsiku lonse koma mcherewu n'kutsalabe m'masambamo. Apa amayi athu anatitsogolera kalekale: mafuta a mu nsinjiro za ndiwo zotendera amathandiza thupi kuyamwa beta-carotene. Koma soda amawononga, chifukwa amapha vitamini C.

Pali gulu lachitatu, la ma flavonoid monga quercetin, amene ali ochuluka mu chammwamba. Awa sasungunuka bwino m'madzi okhaokha. M'malabotale amatuluka bwino pogwiritsa ntchito ethanol wosakaniza ndi madzi, kawirikawiri magawo 70 kapena 80 pa 100 aliwonse. Madziwo amafewetsa tsamba louma, ethanol n'kulowa ndi kukoka mcherewo. Ethanol tili naye m'dziko muno, wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, koma wa mgalimoto ndi wosiyana ndi woyenera zakudya.

Mbiri ya mankhwala a malungo imasonyeza kukula kwa nkhaniyi, ngakhale kuti mankhwalawo si antioxidant. Ku China, ofufuza ankalephera kupeza mphamvu yodalirika m'chomera cha Artemisia annua chifukwa kutentha kunkaiwononga. Mu 1971 mayi Tu Youyou anagwiritsa ntchito ether, amene safuna moto wambiri, ndipo zinatheka. Mankhwala a LA amene timalandira m'zipatala zathu anachokera pa ntchito imeneyo, ndipo mayiyu analandira mphotho ya Nobel mu 2015.

Tsono chenjezo. Ofufuza ambiri amayamikira methanol chifukwa amakoka michere yochuluka, ndipo wina akhoza kumva zimenezi n'kuganiza zoyesa kunyumba. Methanol ndi poizoni: pang'ono pokha amachititsa khungu, ndipo amapha. M'labotale amamuumitsa yense ndi zipangizo zapadera, ndipo cholinga chimakhala kuyeza, osati kumwetsa anthu. Sipiriti wa pepo wa m'masitolo nayenso anathiridwa dala mankhwala oopsa kuti asamwedwe. Kachasu sakhala ndi muyeso wodziwika, choncho botolo la lero silingafanane ndi la mawa.

Kwa gulu limene likungoyamba kumene, kugulitsa ufa wa masamba ouma n'kwanzeru kuposa kuthamangira mankhwala a m'mabotolo, popeza mu ufa michere yonse imapita limodzi. Amene akufuna kupanga zamadzimadzi ayambe akambirana ndi alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo a m'dera lawo, ndipo katundu wawo akayezetse ku bungwe la Malawi Bureau of Standards asanapite naye pamsika.