Mphunzitsi yemwe anasiya timu ya Spain kukadwazika mwana

Pa 26 Malichi 2019, timu ya dziko la Spain inalowa m'bwalo la Ta' Qali ku Malta mphunzitsi wake palibe. Luis Enrique anali atanyamuka kale kubwerera kwawo, ndipo bungwe loyendetsa mpira m'dzikolo linangoti kunyumba kwake kwagwa zadzidzidzi. Wachiwiri wake, Robert Moreno, ndiye anatsogolera anyamatawo. Alvaro Morata anamwetsa zigoli ziwiri, Spain inapambana 2-0, koma aliyense ankafunsa za munthu yemwe sanaoneke pabenchi.

Ntchito yomwe anaisiya usikuwo si yamasewera ayi. Luis Enrique anasewerera Spain maulendo 62, anavalapo yunifomu ya Real Madrid komanso ya Barcelona, ndipo mu 2015, ali mphunzitsi wa Barcelona, anatenga zikho zitatu m'chaka chimodzi. Anapatsidwa timu ya dziko mu Julayi 2018, Spain itangochita manyazi pa World Cup ku Russia. Anayamba ndi moto: anaswa England 2-1 pa Wembley, kenako n'kuthambitsa Croatia 6-0. Pomwe ankachoka ku Malta n'kuti atangokhala pampandowo miyezi isanu ndi itatu.

Chomwe chinamuthamangitsa ku Malta ndi matenda a mwana wake womaliza, Xana, wa zaka zisanu ndi zinayi. Madokotala anamupeza ndi khansa ya m'mafupa yotchedwa osteosarcoma, yomwe imakonda kugwira ana ndi achinyamata. Kuchiza kwake n'kwa miyezi: mankhwala amphamvu ofooketsa thupi, nthawi zambiri ndi opaleshoni yomwe. Wodwazika mwana wotere sakhala ndi pologalamu yakeyake. Tsiku limayenda momwe wadzukira wodwala.

Poyamba mphunzitsiyu anayesa kugwira ntchito ali kunyumba, akulumikizana ndi Moreno ndi anzake. Zinakanika. Pa 19 Juni anatula pansi udindo, ndipo Moreno anapatsidwa timu.

Chodabwitsa china chinachokera kwa atolankhani. Nyuzipepala zamasewero za ku Spain, monga Marca ndi AS, zimakhalira kufukula za m'matimu, ndipo Luis Enrique sankamwerana nazo madzi kwenikweni chifukwa cha kuyankha kwake kokhadzula. Koma pa nkhani iyi nyuzipepala zikuluzikulu zinatseka pakamwa miyezi isanu yathunthu. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Dziko linamva dzina la matendawo pa 29 Ogasiti 2019, kuchokera kwa bambo mwiniwake, tsiku lomwe analengeza kuti Xana wamwalira. M'uthenga womwewo anathokoza ogwira ntchito pa zipatala za Sant Joan de Déu ndi Sant Pau ku Barcelona.

Kubwerera kuntchito sikunayende mwamtendere. Moreno anali atanena poyera kuti bwana wake akadzafuna kubwerera adzamupatsa malo. Koma anali atapititsa Spain ku mpikisano wa Euro 2020, ndipo mpando unali utamukomera. Pa 19 Novembala, Spain itangogonjetsa Romania 5-0 dzulo lake, bungwe lija linalengeza kuti Luis Enrique wabwerera. Pamaso pa atolankhani, iye anati Moreno anapita kunyumba kwake mu Sepitembala kukapempha kuti atsogolere kaye timu ku Euro, adzabwerere pauchiwiri pambuyo pake, ndipo anamutcha wosakhulupirika. Moreno anakana zoti anachita chinyengo. Anthu omwe anagwira ntchito limodzi ku Roma, Celta Vigo ndi Barcelona anasiyana njira pomwepo.

Zotsatira zake okonda mpira akuzidziwa: Spain inafika mundime ya matimu anayi ku Euro n'kutuluka pa mapenate ndi Italy, ndipo mu 2022 Morocco inaitulutsa mu World Cup pa mapenate omwewo. Atasiyana ndi Spain, mu Julayi 2023 Luis Enrique analowera ku Paris Saint-Germain (PSG).

Za mwana wake sazizemba. Mufilimu yofotokoza za moyo wake yomwe inatuluka mu 2024, ananena kuti amadziona wamwayi chifukwa Xana anakhala nawo zaka zisanu ndi zinayi zosangalatsa. Anasimbanso kuti mayi ake ankalephera kuika zithunzi za mdzukulu wawoyo m'nyumba, mpaka iye anawauza kuti azikhome, poti mwanayo akadali nawo malinga akumukumbukira.

Pa 31 Meyi 2025 ku Munich, PSG inakhoma Inter Milan 5-0 n'kutenga chikho cha Champions League koyamba m'mbiri yake. Ochemerera anatambasula chinsalu chachikulu chojambulidwa bambo ndi mwana wake akuzika mbendera ya PSG pabwalo. Ankakumbutsa za ku Berlin mu 2015, pomwe Xana, ali ndi zaka zisanu, anazika mbendera ya Barcelona pakati pa bwalo bambo ake atagonjetsa Juventus 3-1. Luis Enrique anavala malaya akuda okhala ndi chithunzi chofanana nacho. Anathokoza ochemererawo, koma anawonjezera kuti safunika chikho kuti akumbukire mwana wake.

Luis Enrique anali ndi ndalama zokwanira kusiya ntchito, abwana omumvetsa, ndiponso mpando womwe unamudikira. Makolo ambiri odwazika mwana wa khansa alibe zitatuzi: mmodzi akasiya ntchito kuti azigona kuchipatala, pakhomo pamayamba kusowa. Mabanja oterewa ndi omwe bungwe la Fundación Xana, lomwe banja lake linakhazikitsa, limawathandiza ana awo akamadwala matenda aakulu.