Pulawo Ikakana Kukwera

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Kasungu, munthu woyenda pa msewu wochokera ku Chinkhoma kupita ku Boma amamva kulira kwa mathirakitala mbali zonse. Fodya amakhala ali ku nazale, ndipo mlimi aliyense amafuna kuti mizere ithe mvula yoyamba isanagwe, pakuti wochedwa kuwokera amakolola masamba opepuka. Pa nyengo yotereyi m'chaka cha 2023 ndinaima m'mphepete mwa munda wa kalabu ina ya alimi amene anasonkherana ndalama nabwereka thirakitala yakale. Woyendetsa anali mnyamata amene ndinamphunzitsa mu Sitandade 7. Akafika kumapeto kwa munda pulawo inkakana kukwera. Iye ankaponda mafuta kufikira utsi wakuda utatuluka, ndipo pamenepo pulawo inkadzuka monyinyirika. Anandiuza monyadira kuti, "Aphunzitsi, iyi imangofuna moto basi." Ine ndinamva chisoni, chifukwa dizilo amene anali kupsayo anali wa alimi aja, ndiponso makinawo anali kudwala.

Mathirakitala anachuluka m'dera lino m'zaka za m'ma 1970, pamene maesiteti a fodya anafalikira ndipo bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linali kuphunzitsa alimi. Koma nzeru ya mikono itatu imene imagwira pulawo kumbuyo ndi yakale kuposa pamenepo. Anaitulukira ndi Harry Ferguson wa ku Ireland, amene mu 1946 anayamba kupanga thirakitala yotchedwa TE20 mu mzinda wa Coventry ku Mangalande. Kampani yake inaphatikana ndi ya Massey-Harris mu 1953, ndipo kumeneko ndiko kunachokera dzina la Massey Ferguson limene ngakhale ana aang'ono amalidziŵa. Mwa mikono itatuyo, iŵiri yam'munsi ndiyo imanyamula, ndipo chimene chimaikweza ndi oyilo wokankhidwa ndi pampu. Zimenezi ndizo amakaniko amazitcha haidiroliki.

Tsono tiyeni tiloŵe m'kalasi pang'ono. Blaise Pascal, katswiri wa masamu wa ku France amene anamwalira mu 1662, anasonyeza kuti madzi kapena oyilo wotsekeredwa ukampanikiza pa malo amodzi, kupanikizako kumafika mofanana paliponse m'katimo. Nchifukwa chake jeke yaing'ono imatukula lole. Mu thirakitala, pampu imatumiza oyilo mu silinda, oyiloyo nakankha pisitoni, pisitoniyo nikweza mikono.

Apa pali zinthu ziŵiri zimene anyamata ambiri amazisokoneza. China ndi kuchuluka kwa oyilo amene pampu imatumiza pa mphindi imodzi. China ndi mphamvu imene oyiloyo amakankhira. Pa mathirakitala akaleŵa pampu imatunga muyeso umodzimodzi nthaŵi iliyonse ikazungulira, monga mjigo umatulutsira madzi ofanana pa kupopa kulikonse. Tiyerekeze kuti pampu ina imatumiza malita 16 pa mphindi injini ikamazungulira ka 2,000. Injiniyo ikatsika kufika pa 1,000, oyilo adzakhala malita 8, ndipo pulawo imene inkakwera m'masekondi aŵiri idzatenga anayi. Chotero kuthamangitsa injini kumafulumizitsa mikono, koma sikuipatsa nyonga yonyamulira katundu woposa muyeso wake. Malire a nyongayo amaikidwa ndi kukula kwa pisitoni pamodzi ndi valavu ina yoteteza, imene imatseguka kupanikiza kukafika pa mlingo wake, nkubweza oyilo kumene anachokera. Pa mathirakitala ambiri mlingowo uli pakati pa mabaa 170 ndi 200, pomwe mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono sumapitirira kwenikweni mabaa 2 kapena 3. Munthu akamangirira chinthu cholemera kuposa muyeso, naumirira kuponda mafuta, valavu ija imalira ngati likhweru, ndipo mphamvu yonse ya dizilo imangothera kutenthetsa oyilo. Oyilo akatentha amapyapyala, ndipo wopyapyala amadontha msanga.

Nanga bwanji pulawo ya mnyamata uja inkakweradi akawonjeza moto? Aliyense amene anatungapo madzi m'chidebe chobooka adziŵa yankho. Ukathira pang'onopang'ono sichidzaza, koma ukakhuthulira mwamsanga chimadzaza ngakhale chikudontha. Momwemonso pampu ikaperepeseka, kapena mphete za pa pisitoni zikatha, oyilo amathaŵira m'mbali m'katimo osaoneka kunja, ndipo mikono imakwera pokhapokha oyilo woloŵa akaposa wothaŵa. Thirakitala yamoyo iyenera kutukula pulawo yake ngakhale injini ikulira chapansipansi, kungoti mochedwerapo. Kuyesa kwake nkosavuta: kwezani pulawo pabwalo poyera, zimitsani injini, muime patali nkuyang'ana. Ikayamba kutsika yokha m'mphindi zoŵerengeka, kudontha kulipo.

Sindikunena kuti injini izigwira ntchito ikuwodzera. Polima pafunika liŵiro lokwanira ndi lokhazikika, makamaka pogwiritsa ntchito chogwirira chimene chimachititsa pulawo kudzikweza yokha pang'ono ikakumana ndi nthaka yolimba, nkutsikanso pofeŵa. Oyilo akamabwera mochepa, kuyankha kumeneku kumachedwa, ndipo khasu limazama mosiyanasiyana. Makina ozunguzidwa ndi mtanda wa kumbuyo wotchedwa PTO anapangidwira kuti mtandawo uzizungulira ka 540 pa mphindi, ndipo pa wotchi ya injini pamakhala chizindikiro chosonyeza pamene 540 afikira. Palinso kanthu kena kamene kamapusitsa ophunzira: pa Massey Ferguson 135 ya klatchi ya magawo aŵiri, kuponda theka kumaimitsa mawilo okha, koma kuponda mpaka pansi kumaimitsanso pampu. Ambiri ainamizira kufa pampu yabwinobwino phazi lawo lili pa klatchi.

Mdani wamkulu wa pampu kuno kwathu ndi mchenga. Nthaka ya chigwa chino imauluka nthaŵi ya chilimwe, ndipo pa mathirakitala a mtundu uwu oyilo wa haidiroliki ndi yemweyo wa magiya ndi ekiselo ya kumbuyo. Wothira oyilo ndi chigubu chafumbi amathira tupa m'mimba mwa makina. Oyilo akasanduka woyera ngati mkaka ndiye kuti mwaloŵa madzi, ndipo ayenera kusinthidwa pamodzi ndi kutsuka sefa.

Makolo amene ana anu ali pa ntchito imeneyi, muwafunse ngati amatsitsa pulawo pansi asanachoke pa mpando. Munthu asaloŵe pansi pa chitsulo chimene chagwiridwa ndi oyilo yekha popanda kuchirikiza ndi chipika, ndiponso asafufuze paipi yodontha ndi chikhatho, pakuti oyilo wopanikizidwa chotere amaboola khungu, ndipo bala lake, ngakhale lioneke ngati la singano, lifunika chipatala tsiku lomwelo.

Mnyamata uja sanandimvere tsiku limenelo, ndipo sindimdzudzula kwambiri, poti amalipidwa poŵerenga maekala. Patapita masiku anayi mikono inakaniratu. Makaniko wa ku Boma anapeza mphete zitatha ndi sefa yodzaza matope, ndipo poyembekeza zitsulo kuchokera ku Lilongwe mvula inagwa. Mbali yotsala ya mundawo alimi anaunga mizere ndi makasu a m'manja, nawokera anzawo atatsiriza kale.