Matailosi onyezimira ndi msampha m'bafa

Anthu ambiri pogula matailosi amakopeka ndi kunyezimira. Komatu tailosi yosalala ikanyowa imaterera ngati therere, ndipo okalamba akagwa sachedwa kuthyoka fupa la m'chiuno.

Musanagule, yang'anani pakatoni chizindikiro cha R, muyeso wochokera ku Germany woyambira pa R9 kulekeza pa R13. Nambala ikamakwera, tailosiyo imagwira phazi kwambiri. R9 ndi ya malo ouma ngati pabalaza. Kukhitchini, m'bafa ndi pakhonde pofika mvula sankhani R10 kapena R11.

Mukaika, musapake polishi chifukwa amatseka timaenje togwira phazi. Sopo wotsalira pansi amachitanso chimodzimodzi. Kolopani ndi madzi ofunda a sopo pang'ono, tsukuluzani bwino, ndipo m'mipata muzikwecha ndi burashi ndere zisanamere.