Jack Russell wanu wabvuta? Mankhwala ni kumutopetsa

Kagalu kanu kakumba payadi ponse, kang'amba nsapato, manje kayamba kupitikitsa nkhuku za aneba? Musakamenye. Mtundu wa Jack Russell anauweta ku England m'zaka za m'ma 1800 kuti uzisaka nkhandwe, ndiye mphamvu kali nazo maningi. Kakasowa nchito, kadzipezera kokha.

Yendani nako ola limodzi tsiku lililonse, kali pa cingwe, m'mawa kapena madzulo kukazizira. Kaponyereni mpira kazithamangira. Kaphunzitseni "khala" na "bwera" mphindi 5 cabe, ndipo kakamvera, kapatseni kanyama pamene apo. Mafupa a nkhuku ophika, anyezi na cokoleti, osayesa. Katemera wa ciwewe kalandire pa miyezi 3.

Mukalekerera, malipiro a mwezi uno athera kulipira nkhuku za eni.