Asidi wa m'mimba: mlonda amene timamuthira soda

Pa dooko lililonse sipalephera kupezeka munthu woyenda ndi kapepala ka soda m'thumba. Akadya kondowole ndi usipa wokazinga n'kumva chilungulira, amasungunula soda m'kapu ya madzi n'kugugudiza. Akageya amvekere, "Basi, zatheka!" Kenako akwera bwato, usiku wonse akumwa madzi otunga m'nyanja momwemo. Chimene sakudziwa n'chakuti wagonetsa tulo mlonda wa thupi lake pa nthawi imene mbala ili pakhomo.

Alimife timadziwa kuti nthaka ikawawasa kwambiri alangizi amati tithire laimu. Muyeso umene amayezera nthakawo, wotchedwa pH, ndi womwewo umene a chipatala amayezera za m'mimba. Umayambira pa 0 kufika pa 14. Madzi oyera ali pa 7. Nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka.

Chipata choyamba

M'chifu cha munthu wabwinobwino pH imakhala pakati pa 1.5 ndi 3.5, kuwawasa kofanana ndi madzi a mandimu kapena kuposa. Asidi ameneyu amafewetsa nsomba ndi nyama kuti zigayike, komanso amapha tizilombo tambiri tolowa ndi chakudya. Kachilombo ka kolera kamaopa asidi kwambiri. Kamakonda madzi opanda asidi, ndipo madzi a m'nyanja yathu ya Malawi ali cha pa 8. Akatswiri anapeza kale kuti munthu akamwa soda, tizilombo tochepa chabe timakwanira kumudwalitsa, pamene wosamwa soda pamafunika tambirimbiri.

Ife a m'mbali mwa nyanja nkhani ya kolera sitichita kumva kwa ena. Mliri umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unagwira anthu oposa 58,000 m'dziko muno, n'kupha oposa 1,700, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri.

Nanga wa chilungulira atani? Achepetse zamafuta ndi tsabola, asagone atangodya kumene, asiye fodya. Chikamabwerabwera apite kuchipatala. Zilonda zambiri za m'mimba zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anakatulukira, n'kulandira mphoto ya Nobel mu 2005. Kachilomboka kali ndi mankhwala ake, ndipo soda sakapha. Amene dokotala anakupatsani mankhwala ochepetsa asidi musasiye, koma inuyo ndi amene muyenera kusamala madzi akumwa kuposa wina aliyense.

Chipata chachiwiri

Chakudya chikafika m'matumbo aakulu chimakumana ndi tizilombo tina tabwino, tochuluka zedi. Chakudya chawo ndi zotsalira zimene mimba yalephera kugaya: madeya a mu mgaiwa, makoko a nyemba, nandolo ndi khobwe, mbatata, nthochi, chisoso, bonongwe ndi nkhwani. Tikamasasitsa zimenezi timatulutsa asidi wofatsa amene amadyetsa khungu la m'kati mwa matumbo ndi kufooketsa tizilombo toipa. N'chifukwa chake chimbudzi cha munthu wamkulu wathanzi chimakhala cha pakati pa 6 ndi 7.

Ndiye taonani zimene timachita. Tikapha nsomba zambiri, ndalama zikalowa, timathawa mgaiwa n'kuthamangira ufa woyera, buledi ndi zakumwa za shuga. Tizilombo tabwino tija timagona ndi njala. Kuwonjezera apo, m'mimba mukangopota pang'ono timakagula makapisozi pa okala popanda kuyezedwa. Makapisozi sasankha, amapha toipa ndi tabwino tomwe, monga khoka la maso aang'ono limene limakokolola ndi tiana ta chambo.

Chimbudzi cha mwana chimayankhula

Amayi mumadziwa kuti chimbudzi cha khanda loyamwa bere lokha chimakhala chachikasu, chofewa, chonunkha ngati chambiko. Musade nkhawa. Ndi asidi wabwino, wa pH pafupifupi 5, wochokera ku tizilombo tabwino timene mkaka wa m'mawere umadyetsa. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene a zaumoyo amanenera kuti miyezi 6 yoyamba mwana aziyamwa bere lokha, osampatsa phala ngakhale madzi.

Koma mwana akatsegula m'mimba masiku angapo, chimbudzi n'kumatuluka cha thovu, chamadzi, chomuwotcha matako mpaka kufiira, ndiye kuti matumbo atopa ndipo akulephera kugaya shuga wa mu mkaka. Musamuletse bere. Mupatseni Thanzi ORS, mapiritsi a zinki masiku 10 mpaka 14, ndipo akaonedwe kuchipatala.

Zina sizidikira kuti kuche. Chimbudzi chonga madzi otsukira mpunga ndi chizindikiro cha kolera: yambani kumwetsa ORS muli panjira. Chakuda bii ngati phula chingatanthauze kuti m'mimba mukutuluka magazi. Chosakanikirana ndi magazi chikhoza kukhala kamwazi kapena likodzo la m'matumbo, limene lilipo m'madera ena a m'mbali mwa nyanja.

Zoyenera kuchita

Popita ku nyanja tengani chigubu cha madzi owiritsa kapena othira klorini. Mpunga ndi nsima zogona muzitenthetse mpaka zituluke nthunzi, chifukwa kachilombo ka kolera kamaswana bwino m'chakudya chozizira. Finyirani ndimu m'ndiwo. Ku Guinea-Bissau anapeza kuti mabanja othira mandimu mu msuzi sankagwidwa kolera kawirikawiri ngati anzawo. Komabe ndimu sililowa m'malo mwa klorini. Mukatawasa, sambani m'manja ndi sopo musanagwire mbale.

Ndipo kapepala ka soda kaja, katulutseni m'thumba. Mlonda wanu musiyeni akhale maso.